Thonje Limodzi, Diso Limodzi

Dzina lake lenileni linatsala pachiphaso. Aliyense ankangomuti Nesi, ngakhale sukulu ya unamwino sanaipondepo ndi kamodzi komwe. Anamupatsa dzinali ndi achimwene ake, mwachipongwe, tsiku lina atamupeza atagwada m'khola, nkhosa ataipana ndi mawondo, akuitsegula chikope. Anthu anaseka tsiku limenelo, koma dzina linatsala.

Anabadwa wachitatu mwa ana anayi. Sukulu anailekeza panjira mayi ake atamwalira, chifukwa pakhomo panafunika wophika ndi wochapa, ndipo achemwali ake anali atakwatiwa kale. Atakula anaphunzira kusoka, ndipo dzanja lake linali lodala: kolala ya shati ankaiika kamodzi n'kamodzi, osasolola ulusi. Anakwatiwa ndi bambo wina wokonza mawailesi, banja n'kutha patapita zaka zinayi, popanda mwana, popandanso ndewu yoti anthu akambe. Anali atangoyamba kupeza makasitomala akeake m'tauni pamene bambo ake anagwa kuseri kwa khola, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Abale anakumana pakhonde la chipatala ndipo anagwirizana msangamsanga, monga amagwirizanirana anthu amene ntchitoyo sidzawagwera, kuti Nesi apite kaye akakhale ndi madala masabata awiri. Masabata awiriwo tsopano anali m'chaka cha khumi ndi chimodzi.

Madala anasiya kuyenda, kuyankhula kunatsala kwa mawu atatu kapena anayi, koma nkhosa zawo sanaziiwale. M'mawa uliwonse Nesi ankawasambitsa, kuwaveka, n'kuwakhazika pampando pakhonde, nkhope ataloza kukhola. Pamenepo ankatha tsiku lonse, akuyang'ana nkhosa makumi atatu ndi ziwiri zikutuluka ndi kulowa. Zogulitsa zinali zosakambika. Wogula nyama akangoima pageti, madala ankamenya ndodo pansi mpaka thovu kukamwa, moti achimwene, amene anali dalaivala wa malole oyenda kutali, analamula pafoni kuti bambo ali moyo nkhosa isachoke ndi imodzi yomwe. Kulamula pafoni sikutopetsa. Pagulu la banja la pafonipo abale ankatumiza tizithunzi ta manja opemphera, n'kumalemba kuti mutu umodzi susenza denga. Nesi ankawerenga ali m'khola, ndowe zili m'zala zakumapazi, ndipo nthawi zambiri sankayankha.

Nkhosa ndi nyama yosadandaula, ndipo ndiko kuvuta kwake. Mbuzi ikabayidwa ndi munga aliyense amamva. Nkhosa imangopita pakona n'kuima, mutu utapendekeka, diso litatsinzina, misozi ikuyenda patsaya. Ukachedwa masiku awiri chikope chatupa ngati dzira, ntchentche zachita msonkhano, ndipo ukatsegula upeza diso layamba kuyera. Nthawi yachilimwe udzu ukauma, njere zake zimakhala ndi nsonga, ndipo nkhosa ikazika mutu m'tchire, njere imalowa n'kukabisala kuseri kwa kachikopa kopyapyala kamene kali pakona ya diso. Munthu wosadziwa amatsuka, kutsukanso, njere ili phee m'malo mwake.

Nesi anaphunzira zimenezi m'chaka chake chachiwiri, kwa mlangizi wa ziweto amene anafika kamodzi panjinga yamoto, n'kulonjeza kuti azibwera mwezi ndi mwezi. Sanaonekenso, koma zimene ananena Nesi anazisunga. Madzi awire kaye, uthiremo mchere pang'ono, azizire. Nkhosa uikankhire pakona, uipane ndi bondo paphewa, dzanja lina pansi pa chibwano. Utsegule chikope, ufufuze. Njere ikaoneka, uizule ndi kachitsulo kozulira nsidze kowiritsa. Kenako mankhwala a m'kachubu, m'mawa ndi madzulo, ndipo nkhosayo ikhale pamthunzi. Koma mlangiziyo anachenjeza kuti pali vuto lina loposa njere. Ukatsegula diso lofiira, lolira, n'kupeza mulibe chitsotso chilichonse, amenewo ndi matenda opatsirana. Amayenda ndi ntchentche, amayenda ndi fumbi, koma koposa amayenda ndi manja a munthu amene akuti akuthandiza. Ndiye zodwala uzipatule, uzizigwira pomaliza, usambe m'manja ukachoka pa ina kupita pa ina, ndipo thonje limodzi lipukute diso limodzi basi, kenako pamoto.

Lamulo limenelo Nesi ankalisunga kuposa malamulo khumi. M'zaka zonsezo anataya maso awiri okha, ndipo anthu oyandikana nawo anayamba kumubweretsera zawo, wina pangolo, wina pawilibala. Ankamuyamikira kuti ali ndi manja abwino. Iye kuyamikirako kunkamupweteka, chifukwa ankaona kuti mawu aliwonse otere akuwonjezera mtengo wina pampanda womutsekera. Makina ake osokera anali pakona m'chipinda chake, atavundikiridwa ndi nsalu. Akawavundukula, kunali kukasoka tizigamba tophimba maso a nkhosa kuti dzuwa ndi ntchentche zisafike, todulidwa pamathalauza akale a madala. Tizigambato ankatisoka mwaluso, topinda m'mbali, ndipo nthawi zina ankatiyang'ana n'kukwiya nato.

Chaka chapitacho achimwene anabwera ndi mkazi wawo, mwana wamkazi wakhanda ali kumsana, ndi masutikesi awiri. Anati mlamuyo akhale kaye miyezi itatu, iwo akufunafuna nyumba m'tauni. Mlamu anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amene asanakwatiwe ankagwira ntchito musaluni. Anafika ndi zikhadabo zopaka utoto, zimene sizinakhalitse. Nesi anamukonda. Pakhomo panamvekanso kuseka, ndipo Loweruka masana mlamu ankamukhazika pansi n'kumuluka tsitsi, akumunena kuti mutu wabwino chonchi ukungoonedwa ndi nkhosa. Kusambitsa madala anayamba kuthandizana, kuphika n'kumasinthana. Kukhola kokha mlamu sankapitako. Ankati fungo lake limamuzunguza mutu, ndipo Nesi sanamukakamize. Miyezi itatu inatha, inatha ina itatu, nkhani ya nyumba n'kuzilala yokha.

Ndiye kunabwera foni. Anali mnzake wakale amene anaphunzira naye kusoka, yemwe tsopano anali ndi shopu yosoka mayunifolomu a ana asukulu, ya makina asanu ndi limodzi. Telala wake wina anali atasiya ntchito. Anati Nesi abwere Lolemba ayesere mpaka Lachisanu, ndipo dzanja likakhala kuti likadali lija, ayambe Lolemba linalo. Kuseri kwa shopu kunali kachipinda koti angagonemo. Koma anachenjezeratu kuti malowo sangawasunge kupitirira pamenepo, chifukwa sukulu zinali pafupi kutsegulira ndipo ofuna ntchito anali mbwee. Nesi anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Kuti alowetse ulusi pasingano ankayamba wapita pawindo. Anadziwa bwino lomwe kuti foni yotere sidzaliranso kachiwiri.

Abale sanakane, poti kukana kukanaonetsa nkhope zawo. Achimwene anangoti palibe vuto, bola nkhosa zikhale ndi munthu, ndipo munthuyo aliyense anadziwa kuti ndi ndani. Mlamu anamva nkhaniyo akuyamwitsa mwana. Anati wakondwa, anamufunira Nesi mafuno abwino, kenako anapita kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Mwatsoka, sabata yomweyo nkhosa zitatu zinayamba kulira maso. Nesi anatsegula zikope, anafufuza, osapeza njere. Anazipatula m'kakhola kakang'ono kuseri kwa geti lawaya, ndipo anaona kuti mwina n'chabwinonso, mlamu aphunzirire pa zenizeni. Masiku asanu ankapita naye kukhola m'mawa ndi madzulo. Anamuonetsa poika bondo, pogwira chibwano, mmene chala chachikulu chimatsegulira chikope osakanikiza diso. Anamuonetsa kuthira mankhwala popanda kachubu kukhudza diso. Za thonje anabwereza mpaka iye mwini anatopa ndi mawu ake. Mlamu ankangogwedeza mutu. Manja ake ankanjenjemera, nkhosa zinkamupulumuka, kachubu anakagwetsa m'ndowe kawiri. Nesi ankamulimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, azolowera. Sankafuna kuganiza zambiri. Ankafuna kupita.

Masiku a m'tauni aja anali okoma moti ankachita nawo mantha. Shopu inali yopapatiza, yotentha, nsalu zabuluu ndi zotuwa zitaunjikana mpaka kudenga, makina akulira onse nthawi imodzi. Tsiku loyamba phazi linali lolemera ndipo anakhotetsa msoko wa siketi. Pofika Lachiwiri masana thupi linakumbukira lokha. Lachitatu mnzake uja anatenga shati imene Nesi anasoka, anaitembenuza, anayang'ana kolala, n'kuipereka kwa atelala anzake kuti aone mmene anthu amasokera. Masana ankadya limodzi panja pa shopu, atakhala pamabenchi, akuseka anthu odutsa. Aliyense ankamuitana ndi dzina lake lenileni, ndipo poyamba ankachedwa kuyankha. Anasesa kachipinda kaja, anayeza windo kuti adzasoke katani. Akuluakulu amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, koma munthu amene wadikira zaka khumi ndi chimodzi simungamuletse kudala pang'ono.

Lachisanu masana, atauzidwa kuti ayambe Lolemba, anabwerera kwawo kukatenga katundu wake. Akutsika basi anagula mabisiketi a mwana ndi mpango wa mlamu. Akuyandikira nyumba anamva ndodo ya madala ikugunda pasimenti, osalekeza, ndipo miyendo yake inapita kukhola yokha asanalowe n'komwe m'nyumba.

Nkhosa zinali zisanatulutsidwe. Geti lawaya linali pululu, zodwala ndi zabwino zitasakanikirana. Pampanda panali poyanikidwa thaulo limodzi, louma gwa ndi manthongo, ndipo pansi pake panali beseni la madzi otuwa. Nesi anayenda pakati pa nkhosa akuzitukula zibwano imodzi ndi imodzi. Iyi misozi, iyi chikope chotupa, iyi diso layamba kale kuchita mtambo. Anapeza khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwa zitatu zoyamba zija, imodzi maso onse awiri anali oyera, ndipo inkangozungulira pamalo amodzi, mwana wake akulira pambali.

Mlamu anatuluka m'nyumba ali ndi mwana m'manja, akulira kale. Anafotokoza kuti thonje analiona kuti ndi lochepa, ndiye anatenga thaulo. Anati anaganiza kuti akazipukuta zonse, zodwala ndi zosadwala zomwe, m'mawa ndi madzulo, ndiye kuti akuziteteza. Geti anati mwina anaiwala kukoloweka waya.

"Mutu wangawu sugwira, alamu," anatero. "Ndimati ndithandize. Ndinakuuzani kuti ine za nkhosa sindingazithe."

Nesi sanamukalipire. Analowa m'chipinda chake, anakhala pabedi, chikwama chili pamiyendo. Ntchito imene inali m'kholamo ankaidziwa kukula kwake: maso oposa makumi atatu, kawiri patsiku, masabata atatu ngati zayenda bwino. Zosaona zimafunika kuzitsogolera kumadzi ndi kuziikira udzu pamphuno, apo ayi zimangoima mpaka kugwa. Zisanu ndi imodzi zinali ndi ana oyamwa. Anaimbira achimwene, amene anali pamalire a dziko akudikira mapepala a lole. Iwo anayamba ndi kutukwana mkazi wawo, anamaliza ndi kunena kuti zikatere ndiye palibenso wina, Nesi akudziwa yekha. Anaimba nambala yakale ya mlangizi uja, inayankhidwa ndi munthu wogulitsa matayala.

Pamenepo anaganiza chinthu chimene anali asanachiganizepo. Zife. Zichite khungu zonse, zigwe imodzi ndi imodzi, mwina zikatha ndiye kuti nayenso wamasuka. Si iye anazigula, si iye anazidwalitsa. Anaimirira, anatsegula kabati, anayamba kupinda zovala n'kumaika m'sutikesi. Anapinda zonse, anamanga makina ndi chingwe, anakokera katundu pakhomo la chipinda. Ankadziona ngati munthu wakuba.

Madala anali atasiya kumenya ndodo. Nesi atatuluka pakhonde anawapeza akuyang'ana kukhola, misozi ikutsika mbali yakufa ija ya nkhope, imene sankatha kuipukuta. Sanamuyang'ane. Kukholako nkhosa yosaona ija inali italowetsa mutu pawaya ndipo inkakankhabe kutsogolo, waya akuicheka pamwamba pa chikope. Nesi anaima n'kumadziuza kuti asapite. Anazindikira ali kale m'khola, bondo lili paphewa la nkhosa, akuimasula. Anadzida chifukwa cha zimenezo, ndipo anatukwana nkhosayo mawu amene sitingawalembe pano.

Atasamba m'manja anaimbira mnzake wa shopu. Anafotokoza zonse mwachidule, n'kupempha masabata atatu okha. Makina ankamveka kulira chapatali.

"Mnzanga, ndikanakonda," anatero mnzakeyo. "Koma ana atsegulira sukulu ali ndi yunifolomu kapena ali maliseche? Lolemba pakufunika munthu pamakinapo. Ukabwera ndi iwe, ukapanda kubwera ndi wina. Usandide."

Nesi anati samuda, ndipo zinali zoona. Anauza mnzakeyo kuti asadikire, atenge wina. Anathimitsa foni, anaiika m'thumba la diresi, n'kupita kukhitchini kukatereka ketulo.

Dzuwa linali lisanapendeke kwenikweni pamene anayamba. Anatentha thaulo lija, anatsuka beseni ndi madzi owira, anapatula khumi ndi zitatu zimene zinali zisanagwidwe n'kuzitsekera kutali, kuseri kwa nyumba. Thonje linalipo, mpukutu wonse, pomwe analisiya. Koma maso ochuluka chotero munthu mmodzi sakanawatha kusanade, ndiye anaitana mlamu kuti angomugwirirako, zinazo achita yekha. Mlamu anagoneka mwana, anamanga nsalu m'chiuno, n'kulowa m'khola.

Nkhosa yoyamba anaikankhira pakona ndi ntchafu, bondo paphewa, dzanja pansi pa chibwano, ndipo nkhosayo inangoti duu. Nesi anatsuka, anathira mankhwala. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu, yamphongo yaukali imene ngakhale Nesi ankalimbana nayo, mlamu anaipinda khosi pang'ono, n'kutsegula chikope ndi chala chachikulu, mofewa, osakhudza diso. Ataisiya anapita pabeseni n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono, popanda womuuza. Pa yachinayi Nesi, mutu uli kwina, anatsala pang'ono kupititsa thonje la diso lamanzere ku diso lamanja. Dzanja la mlamu linamugwira pamkono. Linamulanda thonjelo, linaliponya m'chitini cha zotentha, n'kumupatsa latsopano.

Nesi anaimirira, thonje lili m'manja. Anayang'ana manja aja, amene sabata yatha ankanjenjemera ndi kugwetsa kachubu. Anali okhazikika ngati ake omwe.

"Alamu," anatero motsitsa mawu. "Munamva zonse."

Mlamu sanadzutse mutu. Anali atagwirabe nkhosa, ndipo anayankha akuyang'ana ubweya wake.

"Ndinamva, alamu. Mumaphunzitsa bwino." Anasisita khosi la nkhosayo. "Koma mukanapita inu, ine ndikanatuluka liti muno? Achimwene anu nyumba sakuifuna. Ndaona zimene kudziwa kwakuchitani. Ine mwana wanga ali ndi chaka chimodzi."

Nesi anamva magazi akukwera kumutu. Anafuna kumumenya, anafuna kumukokera kwa madala, kuimbira achimwene ndi abale onse kuti amve chimene mtsikanayu wachita dala, maso a nyama zosalakwa ndi moyo wa munthu. Anamuda panthawiyo ndi mtima wake wonse. Koma pamodzi ndi chidanicho panabwera china chimene sanachiitane. Masiku asanu aja akumuphunzitsa, akumulimbitsa mtima, ngakhalenso lero pomugulira mpango, ankadziwa bwino chimene akumusiyira, ndipo sanamufunsepo ngakhale kamodzi ngati akuchifuna. Iyenso sanafunsidwe pakhonde la chipatala. Anali atapeza wina wofooka kuposa iye n'kumukankhira pakona, basi kungoti winayo anaona msanga.

Akanena, achimwene akanamuthamangitsa mlamu kapena kumumenya, ndipo iye akanatsala yekha ndi madala ndi nkhosa, monga kale. Akapanda kunena, akanadzuka mawa ndi mkuja m'nyumba imodzi ndi munthu ameneyu, kudya naye, kusambitsa naye madala. Njira yachitatu panalibe. Ntchito ya kushopu inali itapita kale.

Nkhosa inayamba kuphiriphitha pansi pa bondo la mlamu. Zinali zitatsala khumi ndi zisanu, ndipo mthunzi wa khola unali utafika kale pampanda. Nesi anaviika thonje m'madzi amchere, anawerama.

"Gwirani bwino, alamu," anatero. "Tsegulani linalo."